Kwa alamu, za mbaula yootchera mbuzi ija

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ndamva funso lanu, loti pa Khirisimasi mugule mbaula ya makala kapena ya nkhuni yootchera mbuzi panja. Ine ndinene mosapsatira: pitani kwa owotcherera zitsulo pa Dedza boma, akudulireni mgolo pakati chamlitali, auike miyendo, basi. Umenewo umalola zonse, makala ndi nkhuni zomwe.

Nyamatu sipsa ndi lawi ayi, imapsa ndi makala amoto. Mukaiika pa lawi imada kunja koma m'kati magazi ali chuchuchu. Ndiye ngati ndi nkhuni, kolezani msanga ziyake mpaka zigwe makala, muwasalaze, kenako nyama. Koma paini wa kwathu kunoyu ayi, chonde. Utomoni wake umafuka utsi wakuda, nyama n'kumawawa. Nthambi zouma za mango ndiye zabwino. Pokoleza, zitsononkho zikwanira, osati palafini kapena mapulasitiki.

Makala amafulumira, inde, ndipo safuka kwambiri. Koma paja lamulo la nkhalango linakhwima mu 2020, opanda chilolezo atha kukulandani panjira. Komanso ine zimandiwawa kuona mitengo ya ku Dzalanyama ikuthera m'matumba.

Eya, mgolowo mufunse kaye kuti munali chiyani. Wa mankhwala usiyeni ndithu. Wa mafuta ophikira ndi wabwino, koma muuotche wopanda kanthu penti yonse ichoke. Aboole timabowo pansi kuti mpweya uzilowa, phulusa lizigwa. Ndiye poika nyamapo, apa ndipo ambiri amalakwitsa. Pakhale tizitsulo tolimba, osati waya wonyezimira wa khola la nkhuku uja, amene uja akapsa amatulutsa zoipa. Muwauzenso akuikireni pokolekera pawiri kapena patatu, muzitha kukweza ndi kutsitsa. Nthiti zimafuna moto wapatali, zipse pang'onopang'ono mafuta akudontha. Chiwindi chimafuna pafupi, kutembenuza kawiri, chapsa.

China, Disembala ndi mvula, alamu. Ikayamba, kokerani mbaulayo pakhonde kapena pachisakasa pomwe mphepo ikupita. M'nyumba ayi, ngakhale ana adandaule kuti kwazizira. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, koma umapha munthu ali m'tulo. Izi muwauzenso anyamata amene adzatsale akuotha usiku.

Tomato, anyezi ndi kabichi musavutike nazo, ndidzagula pa Lizulu pobwera. Inu mundiuze tsiku lomwe mgolowo utuluke. Apatseni moni achemwali ndi ana.