Mwana wanu anabadwa pa 6 Julaye: akanene chiyani kusukulu?

Mayi wina amene amakhala ku Johannesburg anandilembera imelo sabata yathayi. Mwana wawo wamkazi anabadwa pa 6 Julaye, ndipo aphunzitsi auza ana onse m'kalasi kuti aliyense akafufuze zimene zinachitika pa tsiku lake lobadwa, adzafotokozere anzake. Mayiwa atafunsa kunyumba, nkhani inasanduka mkangano. Amuna awo akuti 6 Julaye ndi tsiku limene Malawi analandira ufulu wodzilamulira. Achimwene awo akuumirira kuti ayi, limeneli ndi tsiku la Republic. Ndiye akufunsa kuti wolondola ndani, nanga mwanayo akanene chiyani kwa anzake amene dziko la Malawi amangolimva dzina.

Mayi, auzeni abambo akunyumbawo ndi alamu awo akhazike mitima pansi, onse akunena zoona. Chimene chikuwasokoneza n'chakuti aliyense wagwira chaka chake. Ufulu wodzilamulira unabwera pa 6 Julaye 1964, dziko linakhala Republic pa 6 Julaye 1966. Koma kungoyankha choncho n'kumumana mwana nkhani yeniyeni, chifukwa zinthuzi sizinagwere tsiku limodzi mwangozi. Tsikuli linachita kusankhidwa, ndipo kuti mumvetse chifukwa chake muyenera kubwerera m'mbuyo zaka zina zisanu ndi chimodzi.

Pa 6 Julaye 1958, tsiku Lamulungu, ndege inatera pa bwalo la Chileka ku Blantyre, m'menemo munatsika Dr Hastings Kamuzu Banda. Anali atakhala kunja zaka zoposa 40. Anachoka ali mnyamata, nadutsa ku Southern Rhodesia ndi ku South Africa komwe mukukhalako, kenako anakaphunzira ku America ndi ku Scotland, nagwira ntchito ya udokotala ku England ndi ku Kumasi m'dziko la Ghana. Amene anamuitana anali achinyamata a chipani cha Nyasaland African Congress, makamaka Henry Masauko Chipembere, Kanyama Chiume ndi Dunduzu Chisiza. Iwowa anali ophunzira ndi olimba mtima, koma ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a m'midzi sangatsate anyamata. Pankafunika munthu wachikulire, wa digiri, woti atsamunda akamuona adziwe kuti zavuta. Chimene ankalimbana nacho chinali chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene Angerezi anakhazikitsa mu 1953 anthu akuda akukana.

Dokotalayo anafika atavala suti ndi chipewa, ndipo m'misonkhano ankalankhula Chingerezi, wina n'kumatanthauzira. Komabe anthu anakhamukira kwa iye. Pasanathe miyezi isanu ndi inayi zinthu zinafika poipa: pa 3 Malichi 1959 bwanamkubwa Robert Armitage analengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Kamuzu anamangidwa n'kukatsekeredwa ku Gwelo, komwe lero ndi Gweru ku Zimbabwe, ndipo ku Nkhata Bay asilikali anawombera anthu amene anasonkhana padoko. M'dziko lonse anthu pafupifupi 50 anaphedwa m'masiku amenewo, n'chifukwa chake 3 Malichi ndi tsiku lokumbukira ofera dziko. Kamuzu anatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960, chipani cha Malawi Congress Party chinapambana chisankho cha 1961, iye anakhala nduna yaikulu mu Febuluwale 1963, ndipo chitaganya chinatha pa 31 Disembala chaka chomwecho.

Itafika nthawi yoika tsiku loti Angerezi atule pansi ulamuliro, tsiku limene linatengedwa linali lomwe lija Kamuzu anatsika ndege pa Chileka. Usiku wa pa 5 kuchera pa 6 Julaye 1964, m'bwalo la zamasewero ku Blantyre lomwe pambuyo pake linadzatchedwa Kamuzu Stadium, mbendera ya Angerezi inatsitsidwa pakati pa usiku, n'kukweza yathu ya mitundu itatu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira, ya dzuwa likutuluka. Prince Philip ndiye anabwera kudzaimira Mfumukazi Elizabeth. Dzina la Nyasaland linathera pomwepo. Chodabwitsa n'chakuti dzinalo nalonso linabadwa pa 6 Julaye, m'chaka cha 1907, pamene Angerezi anasintha dzina la dziko kuchoka pa British Central Africa. Linabwera ndi kupita pa tsiku lofanana, zaka 57 zitadutsa.

Tsopano apa ndi pamene achimwene anu akulowera. Ufulu wa 1964 sunadule chingwe chonse. Kamuzu anali nduna yaikulu chabe, mutu wa dziko inali idakali Mfumukazi ya ku London, ndipo ku Zomba kunali Sir Glyn Jones amene ankaimira mfumukaziyo. Zimenezi zinatha pa 6 Julaye 1966 pamene malamulo atsopano anayamba kugwira ntchito, Malawi n'kukhala Republic, Kamuzu n'kukhala pulezidenti woyamba. N'chifukwa chake anthu ambiri amene anakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 pakamwa pawo pamatuluka Republic msanga kuposa ufulu. Ndi mmene ankalitchulira pa wailesi ndi kusukulu. Ngati achimwene anu ali a msinkhu umenewo, musawadabwe.

Koma malamulo a 1966 aja anabwera ndi kanthu kena kamene nyimbo za chikondwerero sizitchula. Ndi malamulo omwewo amene anati m'dziko muno mukhala chipani chimodzi chokha. Ndipo pa 6 Julaye 1971 Kamuzu analumbiritsidwa kukhala pulezidenti wamuyaya. Onani mzerewo: kubwera kwake, ufulu, Republic, umuyaya, zonse tsiku limodzi. Zili ngati nkhokwe imene chaka ndi chaka amangothiramo chimanga chatsopano chakale chisanathe, mpaka sudziwanso kuti cha pansi ndi cha liti. Ine ndimaona kuti ichi chinali cholinga chenicheni, kuti munthu akamakondwerera dziko azikhala akukondwerera Ngwazi, asathe kulekanitsa ziwirizo.

Anyamata aja anamuitana, ambiri sanadye nawo ufuluwo. Dunduzu Chisiza anafa pa ngozi ya galimoto mu 1962, ufulu usanafike. Patangotha miyezi iwiri mbendera itakwezedwa, nduna zinasemphana ndi Kamuzu pa nkhani zingapo: tiki imene odwala ankauzidwa kulipira kuchipatala, malipiro a anthu akuda ogwira ntchito m'boma, ubale wake ndi Apwitikizi a ku Mozambique, komanso khalidwe lake losamva za anzake. Mu Sepitembala 1964 anachotsa Kanyama Chiume, Orton Chirwa, Augustine Bwanausi ndi Rose Chibambo, ndipo Chipembere, Yatuta Chisiza ndi Willie Chokani anatula pansi maudindo pogwirizana ndi anzawowo. Yatuta anaphedwa mu 1967 atalowa m'dziko ndi mfuti. Chipembere anafera ku America mu 1975. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party Kamuzu ali m'ndende, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Mwana wamng'ono sangasenze zonsezi m'kalasi, koma inu makolo muzidziwe, tsiku lina adzafunsa.

Funsani aliyense amene anakula nthawi imeneyo za 6 Julaye, sayamba ndi malamulo. Ayamba ndi kuzizira kwa mwezi wa Julaye, ana asukulu atafola m'mamawa milomo itauma, miyendo itatuwa, akuyeserera zionetsero kwa masabata. Akuuzani za amayi a mbumba atavala nsalu za nkhope ya Kamuzu, atabwera pa malole kuchokera m'maboma onse kudzavina, za asilikali ndi apayoniya akuguba, za Ngwazi itanyamula litchowa ikulowa m'bwalo pa galimoto yosatseka pamwamba. Ena amakumbukira zimenezi ndi chimwemwe chenicheni, ndipo sindiwatsutsa, kunali kokongola. Ena amakumbukira kuti kusapita kunali kuputa mavuto, ndi kuti wopanda khadi la chipani ayufi ankamubweza pa chipata cha msika. Anthu awiriwa nthawi zambiri amakhala a banja limodzi.

Ulamuliro wa chipani chimodzi unatha ndi referendamu ya pa 14 Juni 1993 ndi chisankho cha pa 17 Meyi 1994, koma 6 Julaye inatsala, ndipo maboma onse otsatira akhala akuisunga. Masiku ano mwambo wake nthawi zambiri umakhala mapemphero, perete wa asilikali, magule ndi mpira. Tsikuli likagwera Loweruka kapena Lamulungu, tchuthi chimasunthira Lolemba.

Pali chaka chimodzi chimene sitiyenera kuchilumpha. Pa 6 Julaye 2017, anthu anadzadza kunja kwa Bingu National Stadium ku Lilongwe kudikira kulowa, poti kunali mpira waulere wa Nyasa Big Bullets ndi Silver Strikers. Zipata zinachedwa kutsekulidwa, anthu anayamba kukankhana, apolisi anaponya utsi wokhetsa misozi, ndipo anthu asanu ndi atatu anafa atapondedwa, ambiri mwa iwo ana. Mpirawo unaseweredwabe. Mpaka lero sindimvetsa kuti amene anaganiza zoti upitirire ankaganiza chiyani. Patatha zaka zitatu, pa 6 Julaye 2020, mwambo wolonga Lazarus Chakwera unayenera kuchitikira m'bwalo lomwelo, koma chifukwa cha Covid-19 anausamutsira ku Kamuzu Barracks komwe kunaloledwa anthu ochepa.

Kunja kwa Malawi, tsikuli lili ndi eni ake enanso. Zilumba za Comoros, zimene zili m'nyanja pakati pa Mozambique ndi Madagascar, zinalengeza ufulu wawo kuchoka kwa Afalansa pa 6 Julaye 1975, ndiye timakondwerera limodzi ngakhale sitiitanana. Ku Nigeria ndi tsiku lowawa, chifukwa nkhondo ya Biafra inayamba pa 6 Julaye 1967. Ngati mwana akufuna anzake obadwa nawo tsiku limodzi, alipo Dalai Lama wa ku Tibet amene anabadwa mu 1935, wojambula zithunzi wa ku Mexico Frida Kahlo mu 1907, komanso George W. Bush ndi Sylvester Stallone amene anabadwa tsiku limodzi chaka chimodzi, 1946. Amenewa angowatchula n'kudutsa.

Imene ndingakonde kuti aifotokoze bwino ndi ya Louis Pasteur, wasayansi wa ku France, chifukwa ndi nkhani ya mwana mnzake. Pa 6 Julaye 1885 ku Paris, mayi wina anabwera ndi mwana wake wa zaka 9, Joseph Meister, amene analumidwa kwambiri ndi galu wachiwewe. Masiku amenewo chiwewe chikangoyamba kuonekera, munthu ankangodikira imfa. Pasteur anali atayesa katemera wake pa agalu, ndipo iye mwini sanali dokotala wa anthu, choncho jakisoni woyamba anabaya ndi dokotala wina iye akuyang'anira. Mnyamatayo analandira majakisoni angapo kwa masiku otsatizana, sanadwale, ndipo anakula mpaka kudzagwira ntchito yolondera pa Institut Pasteur. Aliyense amene anathamangirapo kuchipatala ndi mwana wolumidwa ndi galu wa m'mudzi akudziwa kufunika kwa tsiku limenelo.

Ndiye mwanayo akaimirira kutsogolo, ayambe ndi kunena kuti anabadwa tsiku limodzi ndi dziko la makolo ake, ndipo awerengere anzake kuti Malawi ali ndi zaka zingati pochotsa 1964 pa chaka chino. Anene kuti patatha zaka ziwiri dzikolo linasiya kukhala pansi pa Mfumukazi, tsiku lomwelo, ndi kuti tsikulo linasankhidwa chifukwa ndi limene mtsogoleri woyamba anabwerera kwawo. Ngati amatha kuimba, awaimbire ndime yoyamba ya nyimbo ya fuko imene anapeka Michael Sauka, ana a ku South Africa nyimbo amazikonda. Kenako atsirize ndi Joseph Meister ndi galu uja.

Pomusindikizira mbendera muchenjere. Mu 2010 boma la Bingu wa Mutharika linasintha mbendera, mzere wofiira unapita pamwamba, wakuda pakati, ndipo pakatipo anaikapo dzuwa loyera lathunthu. Mu 2012, Joyce Banda atalowa m'boma, aphungu anabwezeretsa yakale. Zithunzi za mbendera ya zaka ziwiri ija zidakali mbwee pa intaneti. Yoyenera ndi ya mzere wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, ndipo dzuwa lake ndi lofiira, lotuluka theka pa mzere wakudawo.