Mpeni wanga wathyoka nsonga, vuto lili pati?

Funso: Ndimakonda kusula mipeni yaulenje ndikakhala pa mpumulo. Womaliza ndinaupanga kuchokera ku tupa wakale, ndinauwotcha mpaka kufiira n'kuuviika m'madzi. Unkadula bwino zedi, koma utangogunda fupa nsonga inathyoka. Chimake chachikopa chimene ndinausokera nachonso ulusi wake waduka. Ndithandizeni. — Wowerenga

Yankho: Bambo, chitsulo munasankha bwino. Tupa weniweni amakhala ndi kaboni wambiri, ndipo kaboniyo ndi amene amalola chitsulo kulimba. Sipuling'i ya galimoto nayonso imachita bwino. Koma ntchito munaisiyira panjira. Chitsulo chongotuluka kumene koviikidwa chimakhala cholimba ngati galasi: chimadula, koma sichipirira kugunda.

Choyamba, siyani madzi. Amaziziritsa mwadzidzidzi ndipo amasiya ming'alu yosaoneka ndi maso. Viikani m'mafuta ophikira ofunditsidwa pang'ono, cha m'ma digiri 50. Musadalirenso kufiira kokha, chifukwa padzuwa maso amanama. Khalani ndi maginito pafupi. Chitsulo chikafika pafupifupi madigiri 770 maginito amasiya kuchigwira. Chibwezereni pamoto kanthawi kochepa kuti chitenthe pang'ono kuposa pamenepo, kenako muchilowetse m'mafuta nsonga ili kutsogolo. Pochigwedeza, chiyende cham'litali, osati cham'mbali, kuopa kuti chingapindike. Chivindikiro chikhale pafupi, poti mafuta amatha kuyaka.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Mpeni ukazizira, tsiku lomwelo, uchotseni mafuta n'kuuika mu uvuni pa madigiri 200 kwa maola awiri. Uzizire, mubwerezenso kachiwiri. Kutenthetsa kumeneku kumachepetsako kulimba pang'ono, n'kupatsa chitsulo mphamvu yopirira fupa ndi mfundo za mtengo. Mukapala mbali imodzi kuti iwale musanauike, mudzaona ikusanduka yachikasu ngati udzu wouma, ndiye kuti zili bwino. Ikafika pobiriwira ngati thambo kodulira kwenikweniko, mwapyola, ndipo uzibuntha msanga. Ine ndimaona kuti maola anayi amenewa ndi amene amasiyanitsa mpeni wa mlenje ndi wongopachika pakhoma, ndipo zimandiwawa kuona ntchito ya masiku ambiri ikuthera pa fupa limodzi.

Mabowo a chogwirira aboolenitu musanaviike, pambuyo pake chitsulo chimavuta kuboola. Kodulira kwakenso kusiyeni kokhuthala ngati milimita imodzi, mudzanole pomaliza.

Za chimake, ulusi ukuduka chifukwa mpeni ukuukhudza. Dulani kachingwe ka chikopa chokhuthala, mukamate pakati pa mbali ziwirizo motsatira kumene kumadutsa kodulira, kenako musoke zitatu zonse pamodzi. Mpeni uzitsamira pa kachikopako, ulusi uli kuseri. Sokani ndi singano ziwiri, iliyonse kumapeto kwa ulusi umodzi wopaka phula, zizidutsana pabowo lililonse. Ulusi ukaduka pamalo amodzi, msoko wonse sumasuka.

Funani chikopa chofufutidwa ndi makungwa a mitengo. Chofufutidwa ndi mankhwala a kromu n'chofewa, sichisunga maonekedwe, komanso chimatha kudetsa chitsulo. Chamakungwacho mukachinyowetsa, kulungani mpeni mu pulasitiki, muulowetse n'kukanikiza ndi zala mozungulira chogwirira mpaka chiugwire bwino, chiume pamthunzi. Mukabwera ku ulenje, tulutsani mpeni m'chimake, muupukute n'kuupaka mafuta, chifukwa chikopa chimasunga chinyezi ndipo chitsulo cha tupa sichichedwa kuchita dzimbiri.