Kwa achemwali amene mukupita ku Alps ndi banja koyamba

Achemwali, funso lanu ndinaliona m'mawa ndili m'basi, koma ndinati ndiyankhe ndikafika pakhomo poti nkhaniyi ndi yaitali. Mwati alamu anu akuitanirani ku mapiri a Alps, ku Ulaya, mu February, inuyo, bambo a kunyumba ndi ana awiri, wazaka 6 ndi wazaka 10, ndipo palibe mwa inu amene anavalapo ma ski, timatabwa tatitali tomangirira kuphazi totsetserekera pa sinowo. Mukufunsa ngati pa zaka 41 simunachedwe, komanso ngati alamuwo, poti iwo amatha, angakuphunzitseni okha kuti ndalama za sukulu ya ski zipulumuke.

Kuchedwa ayi, simunachedwe. Ine ndinayamba ndili ndi zaka 38, ndipo m'kalasi mwathu munali agogo ena a imvi mbuu amene pofika Lachisanu ankatisiya tonse m'mbuyo. Koma zoti akuphunzitseni alamuzo, chonde musayerekeze. Imvani zimene zinandionekera ine.

Tinapita ku Alpe d'Huez, ku France, mu January 2019. Mudziwo uli pa mamita 1,860, pamwamba kuposa tauni ya Dedza, ndipo msewu wokwerera kumeneko uli ndi makona 21, omwe aja amalimbana nawo anthu a njinga pa Tour de France. Mwana wanga wamng'ono anasanza tisanafike ndi theka lomwe, ndiye jumbo ikhale pafupi. Kutacha ana tinakawasiya ku sukulu ya ski, ine n'kumati munthu wamkulu ngati ine sindingalipire ndalama kuti andiphunzitse kutsetsereka, chinthu chimene tinkachita ulere pa makatoni tili ana. Alamu anga anandionetsa pang'ono pamalo athyathyathya, mwina mphindi 20, kenako amvekere, "Mwatha alamu, tiyeni pamwamba." Tinakwera lifiti, makina okweza anthu pamwamba pa phiri. Titatsika, njira imene iwo ankati ndi yophweka ine ndinangoiona ngati phompho. Miyendo inangoti gwa! Ndinagwa kosawerengeka, mpaka ndinavula ma ski aja n'kuwasenza paphewa ngati nkhuni, n'kumatsika wapansi m'mphepete mwa njira, mamina ali chuchuchu. Ndili pakati pa ulendo wamanyaziwo kunadutsa tiana ta zaka zisanu titandondozana pambuyo pa mphunzitsi ngati anapiye otsatira make, ndipo kakumapeto kanandibayibitsa n'kuti, "Bonjour madame." Madzulo omwewo ndinakalembetsa sukulu.

Alamuwo sanali ndi mtima woipa. Vuto ndi loti munthu amene anazolowera anaiwala kalekale mmene mantha amamvekera, ndipo zimene thupi lake limachita lokha sangathe kuzifotokoza. Onjezanipo kaleredwe kathu: alamu mungawauze bwanji kuti "imani, ndatopa, ndikuopa"? Mumangoti zikomo, zikomo, kwinaku mawondo akunjenjemera. Akakhala bambo a kunyumba ophunzitsawo ndiye zimathera kusalankhulana mpaka pa ndege. Mphunzitsi amene mwamulipira mumamuuza momasuka, ndipo iye anaonapo anthu amantha ambirimbiri.

Ku France sukulu yaikulu ndi ESF, yomwe inayamba mu 1945. Aphunzitsi ake amavala zofiira ndipo amapezeka pafupifupi m'mudzi uliwonse wa ski. Palinso masukulu ena ang'onoang'ono ophunzitsa m'Chingerezi. Kawirikawiri alendo amafika Loweruka, maphunziro a pagulu n'kuyamba Lamlungu mpaka Lachisanu. Tengani a m'mawa, thupi lisanatope, ndipo polembetsa nenani kuti mukufuna mphunzitsi wolankhula Chingerezi. Lembetsani pano, osati mutafika, chifukwa February ndi nthawi imene ana a ku Britain ndi a ku France omwe amakhala pa tchuthi, malo amatha msanga ndipo mitengo ya chilichonse imakwera. Ana alowe gulu lawo, inu ndi bambo lanu. Kumapeto kwa sabata ana amayesedwa n'kupatsidwa kabaji, koyamba Ourson, kenako Flocon, kenako nyenyezi yoyamba mpaka yachitatu. Wanga anagona nako m'manja. Ndipo ndikuuzirenitu, pofika tsiku lachitatu wazaka 6 uja adzakhala akukuposani. Mwana ndi wamfupi, akagwa amagwa pafupi, komanso saganizira za lendi ndi ntchito Lolemba likubwerali ngati atathyoka mwendo.

Zimene mudzaphunzire masiku oyamba sizambiri, koma zonse zimatsutsana ndi nzeru za thupi. Choyamba ndi kuima: nsonga za ma ski mumaziyandikitsa kutsogolo, zidendene n'kuzikankhira kunja, ana amati kupanga pizza. Mukatambasula kwambiri, liwiro limachepa. Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ife akuluakulu timalepherera, mukachita mantha thupi limafuna kubwerera chagada ngati munthu wotsika chitsetso chamatope dzinja. Mukatero ma ski amathawa pansi panu n'kuwonjeza liwiro. Muyenera kuweramira kutsogolo, misongolo itatsamira pa lilime la jombo, manja ali patsogolo ngati mwanyamula thileyi ya tiyi. Chachitatu ndi kukhota: kuti mupite kumanzere mumaponda mwamphamvu phazi lamanja, kuti mupite kumanja mumaponda lamanzere. Mutu wanga unakana zimenezi masiku awiri athunthu. Ndipo kumene mwayang'ana ndi kumene mumapita. Mukayang'anitsitsa mtengo kuti muupewe, mukaukumbatira ndithu.

Kugwa mudzagwa basi. Gwerani chambali, ndipo podzuka ikani ma ski kumunsi kwanu atapingasa chitsetso, apo ayi adzanyamuka inu musanaimirire. Pali lifiti ina ya ndodo yokhala ndi kambale kumapeto, imene mumaipana pakati pa ntchafu n'kumakukokani. Musaikhalire, si mpando. Ine ndinaikhalira ndipo mzere wonse unaima kudikira kuti anditole. Lamulo la panjira ndi loti amene ali kutsogolo, kumunsi kwanu, ndiye mwini njira, wobwera pambuyo ndi amene amazemba, ndiye musamacheuke kuopa othamanga. Chokhacho, musaime pakati pa njira kapena kuseri kwa kamtunda kumene wochokera kumtunda sangakuoneni. Tsiku lachitatu ndi loipa kwa pafupifupi aliyense, ntchafu zimawawa, kutsika masitepe kumakhala ngati chilango, mumafuna kungosiya. Pitanibe. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha, ndipo kwa ine tsiku lachinayi ndi limene mapazi anayamba kumva zimene mphunzitsi ankanena.

Za jombo ndikhalepo pang'ono, chifukwa zimatha kuwononga sabata yonse. Ma ski, jombo, ndodo ndi helemeti musagule, mukabwereke kumeneko. Jombo yoyenera imagwira phazi zolimba: mukaimirira zala zimakhudza kutsogolo pang'ono, mukapinda mawondo zimabwerera, ndipo chidendene sichinyamuka. Ine ndinatenga yaikulu poti inkamveka bwino ngati silipasi, mapeto ake phazi linkasewera m'katimo ndipo chikhadabo cha chala chachikulu chinada n'kusupuka patapita mwezi. Valani sokosi imodzi yaitali, osati ziwiri kapena zitatu monga timachitira kukazizira, ndipo musalowetse thalauzi m'jombo, khwinya limodzi lokha limasanduka chilonda pa msongolo. Ikakupwetekani bwererani ku shopu akusinthireni, ndi ntchito yawo. Akakufunsani kulemera kwanu nenani zoona, achemwali, musadule makilogalamu. Amachunira pamenepo chomangira cha ski kuti chizimasuka chokha mukagwa, ndipo chikapanda kumasuka chimene chimapotoka ndi bondo. Helemeti valani nonse, osati ana okha.

Simunanene dzina la mudzi umene mukupita, ndipo ndi nkhani yaikulu. Anthu odziwa amasankha malo owakomera iwo. Chamonix ndi yotchuka, kumeneko ndi kumene kunachitikira masewero oyamba a Olympics a nyengo yozizira mu 1924, phiri la Mont Blanc lili pamutu panu, koma malo otsetserekera ndi omwazikana, mumayendera basi, ndipo ambiri ndi a akatswiri. Woyamba kumene amasangalala kwambiri ku malo ngati Alpe d'Huez, La Plagne kapena Les Gets, kumene njira zofatsa n'zambiri. Ku France njira amazipatsa mitundu: yobiriwira ndi ya oyamba, kenako yabuluu, yofiira, n'kumaliza yakuda. Ku Austria nthawi zambiri yobiriwira kulibe, zimayambira pa buluu. Funsaninso mtunda wochokera panyumba kufika pamene sukulu imakumanira. Kuyenda mphindi 15 m'jombo zija, mutanyamula ma ski anu ndi a mwana amene akulira kuti golovesi yatayika, ndi ntchito yoti mumafika mutatopa kale. Tikiti ya lifiti ya phiri lonse musathamangire kugula, funsani sukulu kaye, chifukwa malo ambiri ali ndi tikiti yotsika mtengo ya oyamba kapena timalifiti taulere.

Mapepala tsopano. Ngati muli pa pasipoti ya Malawi mukufunika viza ya Schengen, yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya kuphatikizapo France, ngakhale mukukhala ku Britain. Kuyambira June 2024 ndi 90 euro wamkulu, 45 euro mwana wazaka 6 mpaka 11, ndipo amalola kufunsira kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndiye sakani tsiku msanga. Inshuwalansi imene amafuna pa viza si yokwanira payokha, onetsetsani kuti yanu yalembedwa kuti ikuphatikiza masewero a pa sinowo. Mukavulala panjira ku France, amene amabwera kudzakutsitsani pa machila amalipiritsa, ndipo khadi la zachipatala la ku Britain lotchedwa GHIC silikhudza zimenezo.

Dzuwa musalidelere poti ndife akuda. Sinowo amabweza kuwala kwambiri ndipo pamwambapo mpweya ndi wopyapyala. Ine milomo inang'ambika, mphuno inasupuka. Dzolani mafuta oteteza ku dzuwa, a pamilomo akhale m'thumba, magalasi asachoke kumaso, ana omwe. Imwani madzi ambiri, mausiku oyamba mutu umatha kuwawa ndi kutalika kwa phiri. Zovala bwerekani kwa anzanu kapena onani ku shopu ya Decathlon ndi pa Vinted, pamene pamagulitsidwa kaunjika pa intaneti, koma magolovesi a ana gulani awiriawiri, amanyowa. Ngati mungathe, musananyamuke pitani kamodzi ku malo a sinowo wam'nyumba ngati The Snow Centre ku Hemel Hempstead, Snozone ku Milton Keynes kapena SnowDome ku Tamworth, kuti zovutika ndi jombo ndi kugwa koyamba zithere konkuno.

Chakudya cha m'malesitilanti a paphiri ndi chodula moti mumadya mukuwerengera, ndiye pezani nyumba yokhala ndi khitchini. Ufa ine ndinanyamula, koma nyama ndi zamkaka kuchoka nazo ku Britain kulowa ku France n'zoletsedwa. Nsima ipatseni nthawi, pamtunda ngati umenewo madzi amawira pa madigiri pafupifupi 94, phala likafulumira kuthakhathika musanamizike kuti lapsa. Ngati simudya nkhumba samalani ndi tartiflette, mbatata yachizungu ija yothira tchizi, muli tinyama ta nkhumba.

Tsiku lomaliza tinasiya ma ski pansi n'kukwera kabasi kapachingwe mpaka pa nsonga ya Pic Blanc, mamita 3,330, pamwamba kuposa Sapitwa amene ali pa 3,002. Alamu anatsikira njira yakuda ya Sarenne, makilomita 16, ife tinajambulitsa n'kubwerera pa kabasi komweko. Masana ndinatsika njira yobiriwira yonse osagwa, ndipo mwana wanga ndinamupeza pansi akudya chokoleti, akuti wandidikira kalekale.

Afunseni alamuwo dzina la mudzi ndi la nyumbayo mundiuze pano, ndikuthandizeni kuona ngati sukulu ili pafupi. Jekete ya mwana wazaka 6 ndili nayo, yangokhala m'katoni.