Kwa mayi amene mwafunsa za kuchepetsa thupi pamene mukudzibaya insulin

Mayi, mwalemba kuti muli ndi matenda a shuga a mtundu wachiwiri, mumadzibaya insulin yosakaniza m'mawa ndi madzulo, ndipo chiyambireni jakisoniyu mwanenepa moti zovala zambiri zasiya kukukwanani. Mwatinso ena akukulangizani kuti muzigona osadya, pamene ena akuti muzidumphako jakisoni popeza ndiye akukunenepetsani. Malangizo awiri onsewa musawatsatire, chifukwa loyambalo likhoza kukukomolani muli m'tulo, ndipo lachiwirilo limaondetsa munthu pomuwononga m'kati. Kuchepetsa thupi n'kotheka ndithu kwa munthu wodzibaya insulin, koma chakudya, ntchito ya thupi ndi mlingo wa jakisoni ziyenera kusinthira limodzi, ndipo mlingowo uzitsika chifukwa cha manambala amene mwayeza, mutagwirizana ndi dokotala kapena namwino amene amakuonani.

Amene akunena kuti insulin imanenepetsa sakunama, koma sakufotokoza chifukwa chake. Musanayambe jakisoni, shuga wanu ankakhala wokwera, ndipo shuga wa m'magazi akapitirira pafupifupi 10 mmol/L, kapena 180 mg/dL ngati kachipangizo kanu kamawerenga motero, impso zimalephera kumubweza yense, choncho wina amatuluka ndi mkodzo. Gawo lina la chakudya chimene munkadya linkatayika mwanjira imeneyi pamodzi ndi madzi ambiri, ndipo kuchepa thupi kwa nthawi imeneyo kunali kudwala. Insulin itabwera inatseka potayikirapo, shuga n'kuyamba kulowa m'minofu ndi m'chiwindi monga mwa chilengedwe, wotsalayo n'kumasungidwa ngati mafuta. Munthu akapitiriza kudya mlingo womwe ankadya kale, sikelo imakwera ngakhale sanawonjezere kanthu m'mbale. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa UKPDS, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anapeza kuti odwala a mtundu wachiwiri amene anapatsidwa insulin anaonjezera pafupifupi makilogalamu 4 poyerekeza ndi amene ankathandizidwa mwa njira wamba ya nthawiyo. Choncho zimene zakuchitikiranizi n'zodziwika bwino kwa achipatala, ndipo musadzione ngati munthu amene walephera kudzigwira.

Kudumpha jakisoni kumangotsegulanso potayikira paja. Sikelo imatsikadi, mwinanso mofulumira, koma chimene chikuchoka ndi madzi ndi minofu, pamene shuga wokwerayo akudya pang'onopang'ono maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi. Insulin ikasowa kwambiri, thupi limayamba kuphwanya mafuta mosalamulirika, m'magazi mumadzaza asidi, ndipo munthu amasanza, amamva m'mimba kupweteka, amapuma mozama ndi mofulumira, mpweya wake n'kumanunkhira ngati chipatso chakupsa kwambiri. Zikafika pamenepa ndi za kuchipatala nthawi yomweyo. Vutoli limagwira kwambiri a mtundu woyamba, ndipo kafukufuku wa ku Boston amene anatuluka mu 2008, atatsatira amayi a mtundu woyamba kwa zaka 11, anapeza kuti amene ankachepetsa insulin mwadala anali ndi chiopsezo cha imfa chochuluka kuposa katatu. Koma wa mtundu wachiwiri nayenso sali kutali ndi ngozi, chifukwa shuga akhoza kukwera mpaka thupi kuuma madzi, munthu n'kusokonezeka mutu.

Za kugona osadya ndikhalepo pang'ono, popeza mtundu wa insulin yanu ndi umene ukuchititsa kuti zikhale zoopsa. Insulin yosakaniza ili ndi mbali ziwiri: ina imayamba ntchito posachedwa kuti ilandire chakudya chimene mukudya mutangobaya, ina imafika pachimake patapita maola angapo. Mukabaya madzulo koma osadya, mbali zonse ziwiri zimagwirabe ntchito, ndipo shuga amene zikumutsitsa ndi wochepa kale. Munthu amadzidzimuka pakati pa usiku zofunda zitanyowa ndi thukuta lozizira, manja akunjenjemera, mtima ukugunda kwambiri, lilime litalemera moti akulephera kuitana amene wagona naye pafupi. Wina sadzuka n'komwe, amangokomokera m'tulo. Shuga akatsika pansi pa 3.9 mmol/L, kapena 70 mg/dL, imwani nthawi yomweyo magalamu 15 a shuga, omwe ndi timasupuni ta tiyi pafupifupi tinayi tosungunula m'madzi, kapena theka la kapu ya madzi a zipatso, ndipo muyezenso pakatha mphindi 15. Ngati akadali pansi bwerezani, ndipo akakwera idyani kachakudya kokhalitsa m'mimba ngati nthawi ya chakudya ili kutali. A kunyumba kwanu adziwe kuti munthu wokomoka samumwetsa kanthu, amamugoneka cham'mbali n'kuthamangira thandizo.

Pali chinthu chimodzi chimene ambiri sachiganizira, ndipo ine ndimachiona ngati gwero lalikulu la kunenepa kwa odzibaya insulin. Shuga akatsika, njala yake imakhala ya mantha, ndipo munthu amadya chilichonse chimene wachipeza mpaka kunjenjemera kutasiya, kuposa kutali magalamu 15 aja. Pambuyo pake amayamba kudyeratu asanamve njala poopa kuti zingachitikenso. Zikatero ndiye kuti munthu akudyetsa insulin yake m'malo modyetsa thupi lake. Ngati shuga wanu amatsika kawirikawiri, kapena mumakakamizika kudya pakati pa zakudya kuti musagwe, nthawi zambiri chimenecho ndi chizindikiro chakuti mlingo wachuluka kapena nthawi yobayira siikugwirizana ndi nthawi yodyera, ndipo zimenezi ndi zoti dokotala azimve.

Choncho poyambira penipeni ndi pa kope ndi cholembera. Kwa sabata imodzi kapena ziwiri musasinthe kadyedwe, koma muziyeza shuga mukadzuka, musanadye chakudya chamadzulo ndiponso musanagone, n'kumalemba nambala iliyonse pamodzi ndi zimene mwadya, mlingo umene mwabaya ndi nthawi iliyonse imene munamva kutsika. Kopelo mupite nalo kwa amene amakuonani, muwauze mosabisa kuti mukufuna kuchepetsa thupi, ndipo muwapemphe akulembereni malamulo omveka: kuti nambala ya m'mawa ikamatsika pansi pa mlingo wakutiwakuti, muchotse mayuniti angati pa jakisoni uti. Mukayamba kuchepetsa chakudya, thupi limayamba kumvera insulin bwino, nthawi zina m'masiku ochepa sikelo isanasunthe n'komwe, ndipo mlingo umene unali woyenera mwezi watha umasanduka wochuluka.

Pa chakudya, musachotse nthawi ya kudya iliyonse, makamaka pokhala muli pa insulin yosakaniza imene imafuna kuti muzidya pa nthawi zofanana tsiku ndi tsiku. Chepetsani pang'ono kukula kwa chakudya chokhutitsa m'mbale, monga mpunga, buledi kapena mbatata, theka la mbale likhale ndiwo zamasamba, ndipo pakhale nyemba, mazira, nsomba kapena nyama yopanda mafuta ambiri, zomwe zimachedwetsa njala. Zakumwa zotsekemera zisiyeni ndithu, kupatula zimene mwasungira kutsika kwa shuga. Mafuta ophikira achepe, pakuti galamu imodzi ya mafuta ili ndi mphamvu yoposa kawiri ya galamu imodzi ya shuga. Mowa uli ndi vuto lake lapadera, chifukwa umalepheretsa chiwindi kutulutsa shuga wosungidwa, motero shuga akhoza kutsika patapita maola ambiri munthu atamwa. Kutsika kwa theka la kilogalamu pa sabata n'kokwanira, ndipo kuchotsa 5 mpaka 10 pa 100 alionse a kulemera kwanu, kutanthauza makilogalamu 4 mpaka 8 kwa munthu wolemera makilogalamu 80, kumathandiza kale shuga ndi kuthamanga kwa magazi.

Bungwe la World Health Organization limalangiza akuluakulu kuchita masewera olimbitsa thupi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, komanso masewera olimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, ndipo kuyenda ndawala kumawerengedwa. Yezani musanayambe, ndipo nambala ikakhala pansi pa 5 mmol/L idyani kaye kanthu kochepa. Ikakhala yokwera kwambiri ndipo simukumva bwino m'thupi, tsiku limenelo pumulani. Musabaye pantchafu mukamapita kukayenda mtunda wautali, popeza mnofu wogwira ntchito umakoka insulin mofulumira, ndipo m'thumba muzikhala shuga nthawi zonse. Minofu imapitiriza kukoka shuga mpaka maola 24 mutamaliza, n'chifukwa chake kuyeza musanagone pa tsiku limene mwagwira ntchito yolemetsa n'kofunika kwambiri.

Mukakumana ndi dokotala, mufunsenso za mankhwala ena. Metformin sanenepetsa ndipo amathandiza kuti insulin yofunika ichepe, ngati impso zanu zili bwino. Glibenclamide amanenepetsako ndipo amawonjezera mpata woti shuga atsike. Mankhwala monga liraglutide ndi semaglutide amachepetsa chilakolako cha chakudya, pamene empagliflozin ndi dapagliflozin amatulutsa shuga mumkodzo, koma awiri omalizawa akhoza kubweretsa asidi uja m'magazi ngakhale shuga asanakwere kwambiri, makamaka munthu akadula kwambiri zakudya zokhutitsa. Mudzamvanso anthu akutchula kafukufuku wa DiRECT wa ku Britain, wa mu 2017, mmene anthu 46 pa 100 alionse amene anaikidwa pa chakudya chochepa kwambiri kuti achepetse thupi shuga wawo anabwerera m'malo pakutha chaka. Zimenezo n'zoona, koma m'kafukufukuyo simunalowe anthu odzibaya insulin, ndipo onse ankayang'aniridwa ndi achipatala, choncho si njira yoti muiyese nokha kunyumba. Tiyi ndi mapiritsi otsatsidwa kuti amasungunula mafuta, ambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa, ndipo kwa wodwala shuga kutaya madzi kotero kumalemetsa impso.

Mupemphenso namwino akhudze malo amene mumabaya. Kubaya pamodzimodzi nthawi yaitali kumabweretsa timabumphu tolimba pansi pa khungu, ndipo insulin yobayidwa pamenepo imalowa mosadalirika, zomwe zimachititsa kuti mlingo uzingokwezedwa pamene vuto lili pakhungu. Mukasamukira pamalo atsopano insulin imalowa bwino kuposa kale, choncho muyeze pafupipafupi masiku oyambirira, mwinanso mlingo udzafunika kutsika. Ndipo ngati tsiku lina mudzaona thupi likutsika mofulumira musanasinthe kanthu, ludzu litakula ndipo mukukodza usiku wonse, musadikire tsiku limene anakulemberani, pitani mukayezetse sabata yomweyo.