Chizungu ndimachitha, nanga bwanji kalasi langa limangoti zii?

Funso: Zikomo a Mlangizi. Ine ndimaphunzitsa Chingerezi ku sekondale, chaka chino ndi chachitatu. Aphunzitsife timakangana pafupipafupi kuti mphunzitsi wodziwa ntchito ndi uti, ena akuti ndi amene Chizungu chake chimachita kuthyakuka, ena akuti bola ana akhoze mayeso basi zinazo nzachabe. Ineyo galamala ndimaidziwa heve koma ndikafunsa funso m'kalasi kumangoti zii. Vuto ndi ine kapena anawa? Ndine Mphunzitsi Wothedwa Nzeru.

Yankho: Aphunzitsi, mkangano umenewu si wa kwanu kokha ayi. Anthu amathamangira ziwiri mwatchulazo poti ndi zimene zimaoneka msanga, wina akayankhula mumamva, zotsatira zikatuluka mumawerenga. Koma pali chachitatu chobisika. Mu 1986 katswiri wa zamaphunziro wa ku yunivesite ya Stanford ku America, Lee Shulman, analemba kuti kudziwa phunziro ndi kwina, kudziwa kulilowetsa m'mutu mwa mwana ndi kwinanso, ndipo luso limeneli analitcha pedagogical content knowledge.

Tiyerekeze mwana walemba kuti "I have seen him yesterday". Aliyense wodziwa Chizungu aona kuti palakwika, achonga ndi cholembera chofiira nkupitirira. Wodziwa ntchito amayamba wadzifunsa kuti mwanayu waganiza bwanji kuti afike pamenepa, chifukwa mwina present perfect (ija ya "have seen") anailoweza bwinobwino koma palibe anamuuzapo kuti siyendera limodzi ndi mawu otchula nthawi yomwe inatha ngati yesterday, ndiye kuchongako sikumuthandiza kanthu, mawa abwerezanso. Ngakhale wa Chizungu chothyakuka uja apa amatha kugwa, kaya inu simunaonepo.

Za ziizo, ndikukayikira liwiro lanu. Katswiri wina wa zamaphunziro, Mary Budd Rowe, atafufuza m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ambiri akafunsa funso amadikira pafupifupi sekondi imodzi yokha nkudziyankha okha kapena kuloza wina, koma akadikira masekondi atatu kapena kuposa, mayankho amatalika ndipo oyankha amachuluka. Nanga mwana amene akuyamba waganiza m'chiyankhulo chake kenako nkusaka mawu a Chingerezi, sekondi imodzi imukwanira?

Sabata ino tangojambulani mawu a phunziro limodzi pa foni, mukamvetsere muli nokha. Muwerenge mphindi zimene mwayankhula inu ndi zimene ayankhula ana, mudzatilemberenso kuti mwapeza zingati.