Ulendo wa gofu wa anthu 8 kuchokera ku Lilongwe: ndalama zimathera pati?

Wowerenga wina wa ku Area 47 watilembera imelo, ndipo tayifupikitsa motere: "Tilipo anthu 8, tonse timagwira ntchito mu Lilongwe muno. Asanu timasewera gofu ndipo tili ndi ndodo zathu, atatu angoyamba kumene. Tikufuna tichokeko m'tauni Loweruka ndi Lamulungu tikasewere kwina, koma m'thumba simuli bwino kwenikweni. Tipite kuti, nanga tikonze bwanji kuti tisakabwereko titayambana?"

Achimwene, chodula pa ulendo ngati umenewu si gofuyo ayi. Green fee (malipiro oti musewere) ya pabwalo la maenje 9 ndi kagawo kochepa chabe ka ndalama zonse. Zimene zimaboola thumba ndi mafuta a galimoto, pogona, ndi bilu ya pabala madzulo. Mukagwira zitatuzi, zotsalazo n'zopepuka.

Tiyambe ndi kopita, chifukwa ndi kumene kumalamula mafuta. Mzuzu, Zomba ndi Blantyre kuli mabwalo, koma konseko ndi mtunda wa makilomita 300 kapena kuyandikira apo, ndipo Mzuzu ndi kupitirira. Kumeneko kumafuna kugona masiku awiri, choncho kusiyeni kaye mpaka chaka chimene mudzakolole bwino.

Kwa anthu a ku Lilongwe, malo oyamba kuwaganizira ndi Kasasa ku Dwangwa, m'boma la Nkhotakota. Ndi bwalo la maenje 9 lomwe lili mkati mwa esiteti ya nzimbe ya Illovo, ndipo nyanja siili patali. Mukadzera ku Salima pamsewu wa M14 kenako n'kukhotera kumpoto pa M5, ndi makilomita pafupifupi 270. Musawerengere liwiro la pa M1: msewu wa kunyanjawu uli ndi malo okumbika, njinga za kabaza, mbuzi ndi misika yothera mumsewu, ndiye ikani maola anayi ndi theka kapena asanu. Popeza ndi kalabu ya pa esiteti, si malo ongotulukira ndi zikwama paphewa. Imbani kaye.

Kwachiwiri ndi ku Mangochi, ku bwalo la Mlambe la pa hotelo ya Makokola. Nalo ndi la maenje 9, koma onse ndi a par 3 (maenje aafupi oyenera kumalizidwa pomenya katatu), kutanthauza kuti driver, ndodo yomenyera patali, mutha kuisiya kunyumba ndipo anzanu atatu aja sakazunzika. Njira yachidule ndi yodzera ku Dedza n'kutsika Khwekhwerere kukafika ku Golomoti. Musaiwale ndalama za pa tollgate ya Kalinyeke, popita ndi pobwera, galimoto iliyonse. Vuto la kumeneku ndi mtengo wa zipinda za pahotelo pomwepo. Funsani mtengo wosewera ngati alendo obwera masana okha, mukagone pa loji ina mwa zambiri zimene zandanda mumsewu wa ku Monkey Bay.

Palinso njira yachitatu imene anthu amaiderera chifukwa siimveka ngati ulendo. Seweretsani maenje onse 18 pa Lilongwe Golf Club Loweruka m'mawa, mudye nkhomaliro, n'kuuyamba wa ku Senga Bay, makilomita ngati 120, maola awiri basi. Mafuta ndi osakwana theka la a ku Dwangwa, ndodo mwazisiya kunyumba, m'galimoto muli malo a kulabokosi. Ngati pagulupo pali wina amene ndalama zikumuvutadi koma akuchita manyazi kunena, sankhani imeneyi.

Tsopano masamu a mafuta, titenge Dwangwa. Kupita ndi kubwera ndi makilomita 540, onjezerani 40 oyendayenda pakati pa loji, bwalo ndi msika, akwana 580. Galimoto yodzaza anthu anayi ndi zikwama zawo iwerengereni malita 10 pa makilomita 100 alionse, ngakhale mwiniwake alumbire kuti yake siimwa. Amenewo ndi malita 58, tinene 60, ndiye munthu mmodzi agula malita 15. Chulukitsani ndi mtengo wa pa pampu wa sabata imeneyo, osati wa mwezi watha. Galimoto zikhale ziwiri, osati zitatu: yachitatu imakweza gawo la aliyense kuchoka pa malita 15 kufika pa 22 ndi theka popanda chimene yawonjezera. Ndipo mwini galimoto asamalipire gawo lofanana ndi okwera, pakuti matayala ndi mashoko akutha ndi ake. Magulu ena amamuchotsera theka, ena amamukhululukira zonse. Gwirizanani musananyamuke.

Chimene chimabweretsa galimoto yachitatu ija ndi zikwama. Zikwama zinayi zikuluzikulu za gofu sizilowa m'buti ya saluni. Noah, Voxy kapena double cab zimakwanitsa. Sienta ikwanitsa mukapinda mipando yakumbuyo. Kupanda apo, chepetsani ndodo. Malamulo amalola ndodo zosapitirira 14, koma sakakamiza munthu kunyamula zonsezo. Wongoyamba kumene zimukwanira zisanu ndi imodzi: hybrid kapena 5-wood, 6-iron, 8-iron, pitching wedge, sand wedge ndi putter. Asanu muli ndi ndodo inu mutha kusonkherana n'kuwapangira anzanuwo tizikwama tawo, kapena funsani ngati kalabuyo imabwereketsa. Kuti anthu awiri azitapa m'chikwama chimodzi kumachedwetsa masewero, chifukwa wina mpira wake uli kumanzere m'tchire, wina kumanja, caddie (wonyamula chikwama) akuthamanga pakati ngati wogulitsa mandasi pa depoti.

Thirani fulu thanki Lachinayi kapena Lachisanu ku Lilongwe konkuno. Mafuta akayamba kuvuta, kumaboma ndiko amayamba kusowa, ndipo palibe chowawa ngati kuthera Lamulungu pamzere ku Nkhotakota mawa lake kuli ntchito.

Pogona pakhale usiku umodzi wokha. Anthu ambiri amathamangira kunyamuka Lachisanu akaweruka, n'kuyenda mumdima pamsewu woipa, n'kulipira chipinda chimene angofikiramo kugona. M'malo mwake nyamukani Loweruka 5:30 m'mawa, mufike cha m'ma 10:30, mudye, mupume. Dzuwa likapendeka, cha m'ma 2:30, sewerani maenje 9, omwe amatenga maola awiri kapena kupitirirako pang'ono. Lamulungu muyambe 6:30, muzungulire bwalolo kawiri kuti akwane 18, mumalize cha m'ma 11:00, musambe, mudye, 1:00 muli pamsewu. Mwasewera maenje 27, mwalipira usiku umodzi, ndipo mukulowa mu Lilongwe dzuwa likungolowa kumene. Zipinda tengani za mabedi awiri, zinayi zikwana. Mukapeza kanyumba kololeza kuphika nokha ndiye bwino koposa: mpunga wa Kilombero, mafuta ophikira, anyezi, matimati, buledi ndi mazira mugule kuno, nsomba mukagule kunyanja, makala ali panjira.

Poimba foni ku kalabu, musangofunsa mtengo. Funsani ngati Loweruka limenelo kuli mpikisano, pakuti makalabu ambiri amachita mipikisano yawo Loweruka ndipo bwalo la maenje 9 silichedwa kudzaza. Funsani ngati mtengo ndi wa maenje 9, wa 18, kapena wa tsiku lonse. Kusiyana kwake n'kwakukulu kwa munthu wofuna kuzungulira katatu. Amene ndi mamembala a kalabu ina afunse ngati pali mgwirizano wochotserana mtengo, ndipo anyamule umboni wa umembala. Nenani kuti ndinu magulu awiri a anthu anayianayi, akupatseni nthawi ziwiri zotalikirana mphindi 10, ndipo akuitanireni ma caddie okwanira, poti kumabwalo ang'onoang'ono anyamatawa sakhala pabwalo tsiku lonse kudikira alendo. Zonse mwagwirizanazo zibwere pa WhatsApp. Mawu a pafoni amasintha munthu wa pakauntala akasintha. Anzanu atatu aja muwauziretu za kavalidwe: malaya a kolala, kabudula kapena thalauza wabwino, osati jinzi kapena mapatapata.

Nkhani ya ndalama ndi imene imapha maubwenzi, ndiye apa musachite za "tionana komweko". Sankhani msungichuma mmodzi, asakhale yemwe akuyendetsanso galimoto. Aliyense atumize theka pa Airtel Money kapena Mpamba kutatsala mwezi, ndipo mugwirizane poyera kuti imeneyo siibwezedwa munthu akasintha maganizo, chifukwa chipinda chalipiridwa kale ndipo mafuta satsika poti mpando umodzi uli wopanda munthu. Theka linalo lifike kutatsala sabata. Pamwamba pa zonse onjezerani 10 pa 100 alionse ya zadzidzidzi, monga tayala lophulika, ndipo muwerengeremo ndalama zimene amadula potapa. Yotsala mudzagawana pobwera. Lisiti lililonse lijambulidwe n'kuponyedwa pagulu nthawi yomweyo.

M'thumba la gulu mulowe mafuta, pogona, chakudya, madzi ndi green fee. Mowa usalowemo. Pa anthu 8 sipalephera wina wa Fanta imodzi ndi wina wa kuitanitsa mpaka bala itatsekedwa, ndipo wa Fantayo sadandaula pomwepo, amakadandaulira kunyumba. Caddie aliyense alipiridwe ndi mwini chikwama, ndalama zapamanja, pamtengo umene kalabu yanena, n'kuwonjezerapo kangachepe ndi botolo la madzi. Pamenepa si pochitira nkhanza za bajeti: mnyamata amene wakupezerani mipira itatu m'udzu wakupulumutsirani ndalama zoposa malipiro ake.

Kaseweredwe nako kakonzedwe, popeza mwasakanikirana akatswiri ndi ophunzira. Loweruka chitani scramble: matimu awiri, aliyense amenya, musankha mpira umene wagwa pabwino, nonse mukamenyera pamenepo. Ophunzirawo muwagawe, awiri uku mmodzi uko, ndipo lamulo likhale loti pa maenje 9 timu igwiritse ntchito mpira woyambira wa munthu aliyense kawiri, kuti pasapezeke wongoperekeza. Lamulungu chitani Stableford, kaseweredwe kowerengera mapointi padzenje lililonse. Mukachotsa mikwapulo ya handicap (imene munthu amachotseredwa malinga ndi luso lake), par, kutanthauza kumaliza dzenje ndi mikwapulo yoikika, ndi mapointi awiri; bogey, kupitirira ndi mkwapulo umodzi, ndi pointi imodzi; birdie, kuchepera ndi umodzi, ndi atatu. Wa handicap 18 amapatsidwa mkwapulo umodzi padzenje lililonse, wa 36 amapatsidwa iwiri. Amene alibe handicap mupatseni 36 mwa mgwirizano wanu. Ubwino wake ndi woti munthu akaona kuti pointi yamuthawa amatola mpira n'kupita kutsogolo, samenya ka 11 ena atagwira m'chiuno. Mpira ukasowa, malamulo a kuyambira 2019 amapereka mphindi zitatu zofufuza, osati zisanu zakale zija. Kubetcha kukhalepo kochepa kwambiri, kongokometsa macheza.

Nyengo yabwino ndi kuyambira May mpaka August. Kunja kwauma, kutentha kwa kunyanja kwachepa, kungoti mwera umakankha mpira, ndiye pomenya moyang'anizana nawo tengani ndodo yotalikirapo m'malo momenya mwamphamvu. October ndi November kumeneko ndi ng'anjo, ndipo sabata ya Mother's Day, pa 15 October, Lilongwe yense amakhamukira kunyanja, zipinda n'kukwera mtengo. Chimodzimodzi Pasaka ndi Khirisimasi. M'dzinja udzu umameza mipira, madzi amatha kudula msewu wa M5, ndipo mphezi ikayamba kung'anima munthu wogwira chitsulo pabwalo loyera ayenera kuchokapo nthawi yomweyo.

Za m'chikwama: wophunzira anyamule mipira yosachepera 10, yakale yotoledwa imene ma caddie amagulitsa, osati yatsopano ya m'bokosi. Madzi malita awiri kapena atatu munthu aliyense pa maenje 18, ogula m'mabotolo akuluakulu kuno n'kumagawana. Chipewa, mafuta othamangitsa udzudzu, ndipo muonetsetse kuti pabedi pali neti yosang'ambika, pakuti Nkhotakota ndi Mangochi ndi kwawo kwa malungo; wina akamva kuphwanya m'thupi patatha sabata kapena ziwiri mutabwerako, akayezetse msanga. Mpira ukagwera m'dziwe kapena m'ngalande ya kumadera a kunyanja, usiyeni komweko, musalowetsemo dzanja.