Ufulu mulinawo, koma mpata muchite kuufunafuna

Achimwene, mwafunsa ngati malamulo amakulolani kutsutsa nkhondo poyera. Eya, mutha kuimba foni pa wailesi n'kunena kuti asilikali athu asamatumizidwenso kunkhondo ngati ya ku DRC. Ndime 35 ya malamulo oyendetsera dziko a 1994 imakutetezani polankhula zakukhosi, ndipo ndime 36 imateteza atolankhani. Koma lamulo silikakamiza mkonzi kukupatsani mpata, ndipo nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani zimakonda kutsogoza mawu a nduna ndi akuluakulu a asilikali.

Ine ndinakulira pa Muloza. Ndili mwana ndinkaona othawa nkhondo ya ku Mozambique akuoloka malire, mayi atasenza mtolo wa miphika, mwana kumsana, mapazi ali zilonda zokhazokha. Nditafotokoza zimenezi pa wailesi ina kuno ku Mulanje anandimvetsera mpaka kumapeto, koma kalata yanga kunyuzipepala sinatuluke. Zinandiwawa, ngakhale si zachilendo: mu 1914 atsamunda anatsekereza kalata ya John Chilembwe yotsutsa zotengera anthu akuda kunkhondo ya azungu.

Nenani zimene mwaona, osanamizira munthu. Apolisi akakuitanani chifukwa cha zomwe mwalemba pa Facebook, onanani ndi loya musanasayine chilichonse. A Legal Aid Bureau amathandiza osowa ndalama zolipirira loya.